Chambo chibwerere mumphika

Galimoto yochokera kunyanja sichita kufunsa. Pamsewu wochoka ku Mangochi kupita ku Liwonde, kapena wochoka ku Salima kukwera ku Lilongwe, imadziwika ndi nsomba zolendewera pagalasi la m'mbali, zomangidwa ndi mlaza kuti mphepo iziziwomba mpaka kukafika kunyumba. Mwini galimotoyo amakhala atanenerera mtengo mpaka kutuluka thukuta, pakuti masiku ano chambo sichigulidwa ndi ndalama ya tchenje. Chodabwitsa n'chakuti nsomba yovutikiridwa chonchi ikangolowa m'khitchini, mathero ake amakhala amodzimodzi m'nyumba zambiri za m'tauni: kuipala mamba, kuitumbula, kuitema mizere m'nthiti, kuiwaza mchere wodzaza dzanja, kenaka n'kuimiza m'chiwaya cha mafuta mpaka itauma kuti gwa. Ena akatero amaibwezeranso mupoto wa tomato, yemwenso wakazingidwa m'mafuta ena.

Za kukoma palibe angatsutse. Zipsepse za chambo chokazinga zimakhukhutika bwino, ndipo fungo lake limauza oyandikana nawo onse kuti mwezi watha bwino pakhomopo. Koma kaphikidwe kameneka n'kowononga. Dziko lomwe chambo chake chikutha, mafuta ophikira akungokwera mtengo, ana ambiri ndi opinimbira ndipo akuluakulu akuvutika ndi kuthamanga kwa magazi, siliyenera kuona chiwaya ngati njira yokhayo yolemekezera nsomba yake yotchuka.

Akatswiri a zakudya amasiyanitsa nsomba za mnofu woyera, zomwe zilibe mafuta ambiri, ndi nsomba zamafuta. M'nyanja ya Malawi, chambo ndi mbale wake makumba zili m'gulu loyambalo, pomwe batala, monga aliyense amene anamuikapo pamakala akudziwa, amachucha yekha. Nsomba za mtundu wa chambo zimakhala ndi magalamu pafupifupi 20 a zomanga thupi pa magalamu 100 alionse a mnofu wosaphika, mafuta osafika magalamu awiri, ndi makalori osakwana 100. Mulinso vitamini B12, yemwe amathandiza kupanga magazi ndi kusamala minyewa ya uthenga m'thupi, ndipo sapezeka m'nsima, m'nyemba ngakhale m'masamba. Mulinso michere ya selenium, phosphorus ndi potassium. Munthu wamkulu wolemera makilogalamu 60 amafunika magalamu pafupifupi 50 a zomanga thupi patsiku, choncho nthuli imodzi yooneka bwino imamupatsa gawo lalikulu la zimenezi popanda kumulemetsa m'mimba.

Tsono supuni imodzi yaikulu ya mafuta ophikira ili ndi makalori pafupifupi 120. Ndiye kuti supuni imodzi yokha ikuposa mnofu wonse wa magalamu 100 aja. Nsomba yopanda mafuta akeake imamwa mafuta a m'chiwaya kwambiri, makamaka ikatemedwa mizere yozama kapena ikaponyedwa mafutawo asanatenthe bwino. Chomwe chinali chakudya chopepuka, choyenera wodwala shuga, nkhalamba ndi mayi woyembekezera, chimatuluka m'chiwayamo chitasanduka china.

Palinso nkhani ya mafuta obwereza. Chiyambire 2021 mtengo wa mafuta ophikira wakhala ukuvutitsa mabanja, ndipo palibe mayi wanzeru angakhuthule theka la lita atakazingira kamodzi. Amawasefera m'botolo, mawa n'kukazingiranso, mkuja chimodzimodzi, mpaka atada. Mafuta akatenthedwa mobwerezabwereza amaonongeka n'kupanga zinthu zomwe madokotala a mtima sazifuna m'thupi la munthu. Pachiwaya cha m'mbali mwa msewu, pomwe mafuta amaweruka limodzi ndi mwini geni usiku n'kulawiriranso naye m'mawa, vutoli ndi lalikulu koposa.

Anthu a kunyanja anali nayo kale njira ina, ndipo ambiri akadali nayo. Ku Nkhotakota, ku Makanjira kapena ku Nkhata Bay, nsomba yongovuulidwa kumene sifuna zambiri. Wophika amaipala, n'kuitumbula mosamala kuti ndulu isaphulike, chifukwa ndulu ikangokhudza mnofu kuwawa kwake sikuchoka ngakhale atatsuka chotani. Amachotsanso zofiira za m'mbali mwa mutu zomwe nsomba imapumira, pakuti m'menemo ndi momwe mumabisala matope ndi fungo. Mutu wokhawo sautaya. Akatero amaidula pawiri kapena patatu, n'kuipaka madzi a mandimu ndi kamchere pang'ono, n'kuisiya kanthawi kochepa pomwe akudula anyezi ndi tomato.

Pansi pa mphika pamayamba kuyalidwa anyezi ndi theka la tomato. Amayi ena akale amayamba ndi timitengo toyera kapena tizidutswa ta nsungwi, kuti nsomba isagunde pansi n'kupserera. Nthuli zimasanjidwa pamwamba pake, mutu pansi popeza ndiwo umachedwa kupsa, kenaka tomato wotsala, adyo kwa omukonda, ndi tsabola wa kambuzi mmodzi wosang'amba kuti apereke fungo lokha osalusa. Madzi ndi ochepa, ongofika pakatikati pa nsombayo, osati oimiza. Mafuta ngati alipo, supuni imodzi ikwanira banja lonse. Mphikawo umavundikiridwa n'kuikidwa pamoto wodekha, wongoti msuzi uzibwadamuka pang'onopang'ono.

Lamulo lalikulu apa ndi limodzi: chambo sichitakasidwa. Mthiko ukangolowamo, mnofu umaphwasuka ndipo minga imabalalika msuzi wonse. Wodziwa kuphika amangogwira mphikawo m'mbali ndi kansalu, n'kuugwedeza pang'ono kuti msuzi uyenderere pamwamba. Pakatha mphindi 15 kapena 20, malinga ndi kukula kwa nsombayo, mnofu umakhala utayera mbee mpaka pamsana ndipo ukusiyana wokha ndi minga. Pamenepo yapsa, ndipo kuipitiriza pamoto n'kungoiumitsa. Anthu ambiri omwe amati nsomba yophika m'madzi ndi yozizira m'kamwa anadyapo yomwe inamizidwa m'madzi ambiri n'kuwira ola lathunthu, ndipo mlandu wa wophika anaukankhira kwa mphika.

Ubwino wa njira imeneyi uli mumsuzi. Mavitamini a gulu la B ndi michere ina zimasungunuka m'madzi, kotero zomwe zatuluka mumnofu sizipita kutali, zimatsalira momwemo n'kudyedwa ndi nsima. Mutu ndi khungu zimatulutsa zomata zomwe zimalimbitsa msuziwo popanda ufa, ndipo ichi n'chifukwa chake msuzi wa chambo ukagona umaundana. Tomato ndi mandimu zimabweretsa vitamini C. Vitamini ameneyu, pamodzi ndi mnofu wa nsomba womwe, amathandiza thupi kutenga ayironi wa m'bonongwe, chisoso kapena chigwada chomwe chili m'mbale ya pambali. Mbale ya kondowole, chambo chophika ndi chigwada chotendera, yomwe anthu a ku Nkhata Bay amadya osaiwerengera n'komwe, ili ndi magulu angapo mwa magulu asanu ndi limodzi a zakudya omwe alangizi a zaumoyo amaphunzitsa kusikelo.

Amene sangadye nsomba yopanda kafungo ka moto ali ndi mbaula. Chambo chong'ambidwa kumsana n'kutambasulidwa, chopakidwa mandimu ndi adyo, chimapsa bwino pawaya pamwamba pa makala omwe asiya kulilima. Chofunika ndi kusachilola kupserera mpaka kuda. Chowamba nacho chili ndi mnzake wakale, nsinjiro: kuchinyika m'madzi ofunda kuti chifewe ndi kuchoka mwaye, kuchiphika ndi tomato, n'kutendera kumapeto. Mafuta a mtedza ndi abwino pa mtima, ndipo ndiwo yotere imakwanira anthu ambiri kuposa nsomba yomweyo itakazingidwa.

Mawu oti kukwanira ndiwo mtima wa nkhaniyi. Chambo chokazinga chimawerengeka: nthuli zitatu, anthu atatu. M'nyumba ya anthu asanu ndi awiri, aliyense akudziwa omwe adzalandire nthulizo. Mutu ndi pamimba zimapita m'mbale ya bambo, mlendo ngati alipo amapatsidwa pakati, mayi amadzimana, ndipo mwana wa chaka chimodzi amanyambititsidwa tomato. Chifukwa chomwe chimaperekedwa n'chomveka ndithu: minga. Palibe kholo lomwe limafuna kuthamangira kuchipatala usiku ndi mwana wotsamwa. Koma mantha amenewa ali ndi mtengo wake. Kafukufuku wa dziko lonse wa zaumoyo wa 2015-16 anapeza kuti ana 37 mwa ana 100 alionse osakwana zaka zisanu anali opinimbira, kutsika kuchoka pa 47 mu 2010, komanso kuti ana oposa 60 mwa 100 alionse a miyezi 6 mpaka 59 anali operewera magazi. Boma linakhazikitsa ndondomeko ya masiku 1,000 oyambirira a moyo wa mwana mu 2011 pozindikira kuti msinkhu ndi nzeru zomwe mwana wataya asanakwanitse zaka ziwiri n'zovuta kuzibweza.

Mwana wa chaka chimodzi mpaka zitatu amafunika magalamu pafupifupi 13 a zomanga thupi patsiku. Kanthuli ka chambo kolemera magalamu 50 kamampatsa pafupifupi 10. Ndipo apa ndi pomwe mphika umaposera chiwaya kutali. Mnofu wophika m'madzi ndi wofewa, umanyenyeka ndi zala, ndipo munga uliwonse umamveka pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala. Minga ya chambo ndi ikuluikulu, yosanjikana bwino, yosiyana ndi ya mpasa kapena ntchila yomwe imabisala mumnofu. Mayi kapena bambo wosamba m'manja akhoza kusankha mnofu wa pamsana, kuutikita kawiri, n'kuusakaniza ndi msuzi wosefa m'phala kapena m'nsima yofewa ya mwana amene wakwanitsa miyezi isanu ndi umodzi. Gawo la mwanalo lipatulidwe tsabola asanalowe ndipo mchere usanawonjezedwe. Mnofu wokazinga mpaka kuuma sungatheke kutero: mwana amautafuna, amatopa, n'kulavula.

Mchere nawo uli ndi mlandu wake. Kafukufuku wa matenda osapatsirana yemwe Unduna wa Zaumoyo unachita mothandizana ndi bungwe la World Health Organization mu 2009 anapeza kuti munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa. Bungwe lomwelo limalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire magalamu asanu a mchere patsiku, yomwe ndi supuni yaing'ono imodzi, kuphatikiza wa m'buledi ndi wa m'ndiwo zonse. Nsomba yokazinga imathiridwa mchere isanalowe m'mafuta, msuzi wake umathiridwa wina limodzi ndi timabuloko tokometsera tomwe natonso n'todzaza mchere, ndipo patebulo pamakhala kambale kena kodikira. Mandimu, adyo, anyezi ndi kambuzi zimagwira ntchito yaikulu yomwe anthu amaisiyira mchere.

Pali choonadi china chomwe okonda chambo sakonda kumva. Pa nkhani ya michere, usipa ndi matemba zimachiposa. Nsomba zing'onozing'ono zimadyedwa zathunthu, mutu, maso, mafupa ndi zam'kati, ndipo m'menemo ndi momwe muli kashiamu wolimbitsa mafupa, ayironi, zinki ndi vitamini A. Nsomba za mnofu woyera zilinso ndi mafuta ochepa a omega-3 poyerekeza ndi nsomba zamafuta. Choncho banja lomwe limadya bonya katatu pasabata lisadzione ngati lotsalira pamaso pa lomwe limadya chambo Lamlungu lokha. Usipa wouma wokazinga pang'ono popanda mafuta, wosinjidwa n'kusefedwa, ndi ufa womwe supuni yake imodzi imasintha phala la mwana. Chambo chili ndi malo ake: mnofu wambiri wofewa, wosavuta kugaya, womwe wodwala amene wataya chilakolako cha chakudya amatha kuulandira. Koma ulemu womwe chimapatsidwa pamsika ndi wa kukoma ndi kusowa kwake, osati woti chimaposa nsomba zonse pa thanzi.

Kusowako si nthano. M'zaka za m'ma 1970 Mmalawi mmodzi ankadya makilogalamu pafupifupi 14 a nsomba pachaka. Pofika zaka za m'ma 2000 chiwerengerocho chinali chitatsika kuposa theka, ndipo pomwe chakweranso, wachikweza ndi usipa. Nyanja ya Malombe, yomwe kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 inkatulutsa matani zikwizikwi a chambo pachaka, inagwa m'zaka khumi zokha chifukwa cha makoka a maso ang'onoang'ono omwe ankakokolola ana a nsomba ndi kusalaza pansi pomwe chambo chimaswanirana. Kugwa kumeneko n'komwe kunachititsa kuti mu 1993 boma liyambe kugawana ndi asodzi udindo woyang'anira nyanja kudzera m'makomiti a m'madoko. Mu 2018 bungwe loona za chilengedwe padziko lonse la IUCN linaika mitundu itatu ya chambo cha m'nyanja ya Malawi pamndandanda wa zamoyo zomwe zili pangozi yaikulu yotheratu.

Chambo chimaswana mosamala kwambiri, ndipo kusamala komweko ndiko kumachiika pangozi. Chachimuna chimakonza chisa pamchenga, chachikazi chimasunga mazira ndi tiana m'kamwa mpaka titalimba, kenaka n'kutiperekeza kumadzi osaya. Khoka likagwira mayi mmodzi nthawi imeneyi, lapha mazana. N'chifukwa chake Dipatimenti ya za Usodzi imatseka usodzi wa makoka kumapeto kwa chaka, m'miyezi ya Novembala ndi Disembala, ndipo malamulo amaletsa kugwira chambo chosakwana masentimita 15. Pachilumba cha Mbenji ku Salima, mafumu a m'dera la Makanjira akhala akutseka usodzi nyengo ya mvula chiyambire zaka za m'ma 1950, popanda kudikira kalata ya boma, ndipo asodzi amathamangirako chaka ndi chaka chifukwa nsomba zikadaliko.

Wina angafunse kuti zonsezi zikukhudzana bwanji ndi khitchini. Zikukhudzana kwambiri, pakuti kasawala, ana a chambo omwe amaunjikidwa pamisika ya ku Limbe ndi ku Lilongwe, sagulidwa ndi munthu wofuna msuzi. Alibe mnofu woti n'kuphika m'madzi. Amagulidwa kuti akakazingidwe gwa, adyedwe ndi mafupa omwe. Chiwaya chimabisa msinkhu wa nsomba, chimabisanso tsiku lomwe inafa. Nsomba yomwe maso ake alowa m'kati n'kuchita mtambo, yomwe ukaidina ndi chala dzenje silibwerera, ikhoza kudutsa m'mafuta otentha n'kufika patebulo osadziwika. Mumphika singabisale. Wogula amene akufuna kukaphika m'madzi amakakamizika kusankha nsomba yaikulu ndi yatsopano, ya maso owala, mamba ogwira ndi mnofu wolimba, ndipo wogulitsa akaona kuti kasawala akutsalira pathandala, uthenga umafika kudoko msanga kuposa wa pawailesi.

Oikira kumbuyo chiwaya ali ndi mfundo imodzi yolimba, ndipo iyenera kuvomerezedwa. Nyumba zambiri zilibe firiji, ndipo zomwe zili nayo zimadziwa zomwe kuzimazima kwa magetsi kumachita. Nsomba yokazinga imagona, yophika m'madzi imafuna kudyedwa tsiku lomwelo, kapena kuwiritsidwanso bwinobwino m'mawa. Mayi wogulitsa nsomba pamsika wa kumtunda, kutali ndi madzi oundana, amakazinga kapena kuwamba kuti katundu wake asaole, ndipo palibe angamuloze chala. Koma chifukwa chimenechi sichikhudza nyumba yomwe yagula chambo chachiwisi masana kuti idye madzulo, ndipo sichikhudza malo odyera a m'mbali mwa nyanja, momwe nsomba imachoka m'bwato n'kulowa m'khitchini mamba akadali kunyezimira.

Malo odyerawo ndi omwe akukhumudwitsa kwambiri. Kuchokera ku Senga Bay mpaka ku Cape Maclear, mndandanda wa zakudya umangobwereza chambo chokazinga ndi tchipisi, kapena mnofu wosendedwa wopanda mutu ndi mafupa wokutidwa ndi ufa. Mlendo wochokera kunja amabwerera kwawo akuganiza kuti walawa chakudya cha Amalawi, chikhalirecho wadya chakudya cha kwawo komwe chophikidwa ndi nsomba ya kuno. Mpunga wa kilombero, womwe fungo lake limakwanirana bwino ndi msuzi wa chambo, umangokhala wongoperekeza. Ophika omwewo akaweruka amakadya nsomba ya mumphika kunyumba kwawo, koma amaona ngati njosayenera kuikidwa patsogolo pa mlendo wolipira.

Kwa amene chambo cha m'nyanja chawakulira mtengo, makumba a m'maiwe ndi nsomba zowetedwa m'zitete za panyanja, monga zomwe kampani ya Maldeco inayamba kuweta ku Mangochi, zimaphikika chimodzimodzi ndipo zomanga thupi zake sizisiyana kwenikweni. Malo a kafukufuku wa ulimi wa nsomba ku Domasi ndi sukulu ya ukachenjede ya LUANAR ku Bunda akhala akulimbikitsa alimi kukumba maiwe kwa zaka zambiri. Nsomba ya m'dziwe nthawi zina imamveka kafungo ka matope, koma kuchotsa kakhungu kakuda ka m'mimba ndi kuipaka mandimu kumathetsa zambiri. Kampango naye, ngakhale ali wa banja lina, ali ndi mnofu wambiri wopanda timinga tobisala, ndipo ndi mmodzi mwa nsomba zosavuta kudyetsa mwana.

Alangizi a zaumoyo ndi magulu a amayi omwe amachita zionetsero za kaphikidwe m'midzi aphunzitsa kale phala la nsinjiro ndi masamba osinja. Awonjezerepo phunziro la kuchotsa minga ndi kupatula gawo la mwana nsomba isanafike kwa akuluakulu. Eni malo odyera aike chambo cha mumphika pamndandanda wawo, ndi mutu womwe, pambali pa nsima, kondowole kapena kilombero. Ndipo wogula aliyense amene wapeza mulu wa kasawala pamsika, ngakhale utatchipa chotani, audutse n'kukagula usipa.